Dzanja Lamanzere la Che Jaffalie

Che Jaffalie anamva fungo la nyama yopserera asanadziwe kuti imene ikupsayo ndi nyama yawo. Unali m'mawa wa mwezi wa Ogasiti, chaka cha 1977, ndipo ankafunditsa oyilo wakutha wa galimoto m'chidiramu chodula pakati kuseri kwa kalabu ya gofu. Atayang'ana pansi anapeza chala chaching'ono cha kumanzere chitatsamira chitsulo chamoto, khungu litakwinyika kale ngati la nsomba yowamba. Sanamve kanthu. Anachichotsa pang'onopang'ono, nachiyang'ana ngati cha munthu wina, kenaka anacheuka kuti aone ngati alipo amene waona. Panalibe munthu. Anatchula dzina la Mulungu chapansipansi, n'kupitiriza kutakasa oyilo.

Kalabuyo inali yaing'ono, ya mabowo asanu ndi anayi, pakati pa mtsinje wa Shire ndi msewu wopita ku Nkhudzi. Udzu wofewa sunkamera kumeneko. Dzuwa ndi mbuzi zinkaugawana. Choncho kuzungulira bowo lililonse ankathirapo mchenga wosefa wosakaniza ndi oyilo, kuti mphepo isauuluze komanso kuti mpira uziyenda mosalala. Malo amenewo ankawatchula kuti bulauni. Kusefa mchengawo, kuuthira oyilo ndi kuusalaza ndi chiguduli m'mawa uliwonse inali ntchito ya Che Jaffalie, kuphatikizapo kusoka zikopa za pa zogwirira za ndodo zikang'ambika. Anafika pakalabupo nthawi ya atsamunda ngati wonyamula zikwama, ndipo tsopano ndevu zinali zitachita imvi. Kalabu inawapatsa nyumba ya zipinda ziwiri pansi pa mitengo ya mango, m'mene ankakhala ndi akazi awo, Abiti Sefu.

Koma chimene chinawatchukitsa mpaka ku Zomba chinali kuphunzitsa anthu kugwira ndodo. Ankati gofu yense ali m'kagwiridwe. Ukaifinya ndodo, mikono imauma, mpira n'kuthawira kutchire. Ukailekerera, imatembenuka m'manja. Pakati pa ziwirizo pali kampata kochepa kwambiri, ndipo kampatako sikanenedwa ndi pakamwa. Iwo ankaima pamaso pa wophunzira, n'kuika manja awo pamwamba pa manja ake, natsinzina.

"Masulani. Masulaninso. Apo mwapyola, bwezani pang'ono. Eya, pamenepo. Musaiwale pamenepo."

Madokotala, asilikali a nyota paphewa, aphunzitsi aakulu, onse anadutsa m'manja amenewo. Ndipo aliyense ankauzidwa mawu amodzimodzi: zala zitatu zakumapeto za kumanzere ndizo zimagwira ndodo, dzanja lamanja limangoperekeza ngati mlamu pa ukwati.

Tsopano ziwiri mwa zala zitatu zimenezo zinali zitafa dzanzi losatha. Pamkono, m'munsi mwa chigongono, panali banga lotuwa limene linakhalapo mvula ziwiri, ndipo iwo ankalitcha chipere. Koma anali ataliona kale banga lotere ali mwana, kwawo ku Katuli, pa mkono wa amalume awo. Amalumewo anawamangira kanyumba kumapeto kwa mudzi, nawapatsa mbale yawoyawo. Che Jaffalie ankalidziwa dzina la nthendayo, ndipo ankadziwanso kuti tsiku limene dzinalo lidzamveke pakalabu, sipadzakhala munthu wolola kuti amugwire manja. Ntchito idzatha, nyumba idzapita nayo.

Chimene chinawathandiza n'chakuti linali dzanja lamanzere. Munthu woleredwa bwino sadyera dzanja limenelo, saperekera moni, salandirira chinthu. Kumzikiti, kumsika, pamaliro, dzanja lamanzere limakhala kumbuyo ngati mwana wamasiye, popanda wolifunsa. Malo amodzi okha amene ankalifuna dzanjalo poyera anali pa gofu.

Sabata yotsatira kunabwera wophunzira watsopano, Bambo Gilford Nyasulu, mkulu wa ofesi ina ya boma amene anali atangotumizidwa ku Mangochi. Kwawo kunali ku Rumphi. Anali munthu wamtali, wolankhula motsitsa, ndipo asanayankhe funso lililonse ankayamba wayang'ana kumbuyo.

"Akuti inu ndiye Che Jaffalie," anatero. "Mabwana anga a ku Blantyre akubwera mu Okutobala, ndipo nkhani zonse za ntchito amakambira pa gofu. Ine chibadwire mtengo umene ndagwirapo ndi mpini wa khasu."

"Tiyeni tilione khasulo, bwana."

Bambo Nyasulu anaigwira ndodoyo mpaka chikopa chinalira.

"Bwana, ndodoyi inakulakwirani chiyani? Inadya mbewu zanu?"

Bambo Nyasulu anaseka, ndipo anaoneka odabwa kuti aseka. Che Jaffalie anaika manja awo pamwamba pa manja a bwanayo, chala chopsa chija atachikulunga ndi kansalu, natsinzina monga mwa masiku onse. Dzanja lamanja linawauza zonse: mantha, thukuta, mitsempha yokokeka. Lamanzere linali ngati alisanjika pa chitsa.

"Masulani kumanzereku," anatero mongoyerekeza.

"Ndamasula kale, Che Jaffalie. Ndikapitiriza igwa."

Anatsegula maso. Zinali zoona. Patatha zaka makumi atatu akuphunzitsa chotsinzina, tsiku limenelo anayamba kuphunzitsa choyang'ana. Ankayang'ana mtsempha wa pamkono ngati watupa, ankayang'ana nsagwada ngati zaluma, ankamvera kulira kwa mpira ukamenyedwa. Sizinkafanana ndi kugwira, koma zinkayandikira. Bambo Nyasulu ankabwera Lachiwiri ndi Lachinayi akaweruka, ndipo pofika mwezi wa Seputembala mpira wawo unayamba kunyamuka pansi.

Lachisanu lina, Che Jaffalie atabwera kokaswali kumzikiti, Abiti Sefu anawakhazika pa mkeka pakhonde, nabweretsa madzi ofunda amchere m'kambale.

"Bweretsani chalacho. Chayamba fungo."

Anachimasula, nayamba kuchitsuka osayang'ana kumaso kwa amuna awo.

"Sizikupweteka?"

"Zikupweteka pang'ono."

"Mukunama, bambo. Ndakutsinani kawiri."

Nkhuku inadutsa pakati pawo.

"Pitani kuchipatala," anatero Abiti Sefu. "Akuti masiku ano kuli mapilitsi."

"Kalaliki wolemba matikiti kumeneko ndi mlamu wake wa Petulo wa ku bala. Ndikalembetsa m'mawa, pofika masana kalabu yonse yadziwa."

"Ndiye tidikira chiyani?"

"Mvula ikagwa gofu amaima. Ndidzapempha tchuthi, ndikapite kuchipatala cha kutali kumene sandidziwa."

"Mvula," anatero Abiti Sefu, akuyang'ana kumwamba kumene kunalibe ndi kamtambo komwe. Koma kuyambira tsiku limenelo tiyi wa m'mawa ankabwera atapola kale, chogwirira cha kapu chitaloza kudzanja lamanja. Malaya onse awiri a mikono yaifupi anasowa m'nyumba, ndipo pa msomali pankapezeka a mikono yaitali okha, ochapa ndi osita. Che Jaffalie ankaziona zonsezi. Sankathokoza ndi pakamwa, poopa kuti akathokoza ndiye kuti avomera. Ankangowatchula akazi awo poswali, pambuyo pa makolo.

Bambo Nyasulu nawo anaona kuti kansalu ka pa chala sikakuchoka. Atapita ku Blantyre ku msonkhano anabwerako ndi kaphukusi.

"Ndadzigulira gulovu, ndiye ndinati ndikutengereni inunso. Akuti imavalidwa kumanzere kokha. Chilondacho chisamalowe mchenga wa oyilowu."

Inali yachikopa chofewa, yoyera. Che Jaffalie anali atavekapo azungu ambiri gulovu zotere, koma iwo anali asanakhalepo ndi yawo. Anailandira ndi manja awiri, napinda bondo pang'ono. Itavalidwa, dzanja lija linaoneka lamoyo ngati la wina aliyense. Chilonda chinabisika, ndipo zala ziwiri zija, zimene zinali zitayamba kupindika, zinkaoneka ngati zangopuma. Masiku ena iwo eni ankaiwala.

Chinthu chimodzi chokha ankachipewa: kumenya mpira okha. Wophunzira akati, "Tandionetsani," iwo ankagwira m'chiuno n'kunena za msana.

Mabwana a ku Blantyre anafika Loweruka lachiwiri la Okutobala, kukutentha koti ngakhale akhwangwala anali yasa kukamwa. Anali atatu. Anasewera mabowo asanu ndi anayi ndi Bambo Nyasulu, amene sanachite manyazi, ndipo atamaliza anakhala pakhonde la kalabu, Petulo akuwathirira zozizira. Che Jaffalie ankapukuta ndodo pansi pa masitepe, mtima uli m'malo.

Ndi nthawi imeneyo pamene inafika Landirova ya Che Dinala, tcheyamani wa chipani m'deralo, kambendera ka chipani kali petupetu kutsogolo. Inaima pafupi ndi poyambira bowo loyamba, pamene magalimoto sankaloledwa kuima. Munatsika Che Dinala ndi amuna awiri a malaya ofiira, aja ankaima pa zipata za msika kufunsa makadi a chipani.

Che Dinala ndi Che Jaffalie anavinidwa chaka chimodzi, m'ndagala imodzi, msasa wa jando, ku Katuli. Koma miyezi itatu m'mbuyomo Che Jaffalie anali atadandaula kwa mlembi wa kalabu kuti amayi a chipani asamayeserere magule awo pa bulauni ya bowo lomaliza, chifukwa mapazi ankakumba mchenga. Amayiwo anasamutsidwira kubwalo la sukulu, ndipo Che Dinala anamva amene anadandaula.

"Salaam aleikum, mzungu wa ku Katuli!" anafuula Che Dinala atapereka moni kwa alendo. "Taonani, wavala ndi sokosi ya m'manja! Mchenga wako uli bwanji? Wagona bwino? Sitinauponde?"

"Aleikum salaam, a tcheyamani. Mchenga uli bwino."

"Mabwana, munthu uyu musamuone kuonda. Ine ndinamuona akulira m'ndagala ngati mbuzi, koma akagwira kandodo aka amauponya mpira kupyola mlambe uwo. Uko! Azungu ankabetcherana pa iye. Jaffalie, taonetsa alendo."

"Msana, a tcheyamani. Masiku ano..."

"Msana? Pokadandaula za amayi athu unayenda bwinobwino, msana uli zii." Che Dinala ankamwetulira, koma amuna a malaya ofiira aja sankamwetulira. "Alendo a boma abwera m'dera langa. Chipani chikupempha kampira kamodzi. Ukukana?"

Masiku amenewo funso limenelo linalibe mayankho awiri. Che Jaffalie anasolola ndodo yaitali m'chikwama cha Bambo Nyasulu, nakwera poyambira paja. Anaika mpira pa kamulu ka mchenga. Anayang'ana dzanja lamanzere: gulovu inali itazungulira chogwirira bwinobwino, zala zonse zili m'malo mwake. Maso anawauza kuti agwira. Analimbitsa dzanja lamanja kuti lithandize, chinthu chimene akanamukalipira wophunzira aliyense. Anati Bismillahi mumtima, nakoka ndodo m'mbuyo.

Thupi linakumbuka zonse. Mapewa anazungulira, chiuno chinatsogola, ndodo inatsika ndi liwiro la zaka makumi atatu. Mpira unalira bwino, kulira kuja kouma kumene iwo ankakukonda. Koma pamwamba paja zala ziwiri zinali zitatseguka osawauza, ndipo chikhatho chamanja chinali chonyowa ndi thukuta. Anangoona manja ali opanda kanthu. Ndodo inauluka chozungulira kumanzere, kung'anima padzuwa, n'kukagwera pa Landirova. Galasi la kutsogolo linasweka ngati chigubu, ndipo kamtengo ka mbendera kanathyoka, mbendera n'kugwera m'fumbi.

Palibe anayang'ana kumene mpira unapita.

Amuna awiri aja anali atawagwira kale mikono, wina uku wina uku. Mmodzi wa alendo a ku Blantyre anaika tambula yake pansi mosamala, n'kuyamba kuyang'ana nsapato zake. Che Dinala anatola mbendera ija, naikung'untha, naipinda bwinobwino. Kumwetulira kunali kutatha.

"Zaka makumi atatu," anatero motsitsa. "Petulo, iwe wakhala pano nthawi yaitali. Unaonapo ndodo ikupulumuka m'manja mwa munthu uyu?"

Petulo anayang'ana thireyi imene ananyamula. "Sindinaonepo, bwana."

"Ngakhale kamodzi?"

"Ngakhale kamodzi, bwana."

"Munthu wophunzitsa dziko lonse kugwira. Lero, pamaso pa alendo, ndodo yasiya tchire lonseli, yasiya mtsinje, yasankha mbendera." Anatembenukira kwa Che Jaffalie. "Unayamba ndi amayi. Tinakhala chete. Wakutuma ndani?"

"Inali ngozi, bwana tcheyamani," anatero Bambo Nyasulu. Mawuwo anatuluka aang'ono, ngati a munthu wolankhula m'chitsime.

"Inu a kumpoto mwasanduka mboni? Ndodoyo ndi ya yani?"

Bambo Nyasulu anabwerera m'mbuyo. Che Jaffalie sanawaimbe mlandu. Anali atamva ndi dzanja lamanja kuchuluka kwa mantha amene munthuyo ankayenda nawo, ndipo anadziwa kuti mawu anayi aja anali onse amene anali nawo.

"Mukwezeni," anatero Che Dinala. "Akafotokoza kutsogolo."

Kutsogolo kunali kumene anthu ankapita osabwerako, kapena kubwerako patatha zaka zisanu ndi ziwiri alibe mano. Akazi a anthu oterowo ankatulutsidwa m'nyumba tsiku lomwelo, ndipo abale ankaopa kuwalandira. Mwana wamwamuna wa Che Jaffalie, amene ankaphunzitsa ku Chembe, akanachotsedwa ntchito mwezi usanathe. Che Jaffalie anaziona zonsezi zitandandalikana. Anaonanso njira inayo, ndipo sinali yabwino kuposa iyi, kungoti inkadya iwo okha ndi mkazi amene anali atavomera kale.

"Dinala," anatero, osatchula udindo. "Uwauze andisiye dzanja ili. Ndikuonetsa amene wandituma."

Mwina linali dzina lopanda ulemulo limene linamudabwitsa tcheyamani. Anagwedeza mutu, ndipo wa kumanzere uja anamasula. Che Jaffalie analuma nsonga ya gulovu ndi mano, naivula. Chilonda chija chinali chitakula, chofiira m'mbali, ndipo zala ziwiri zinapindika ngati za nkhuku yakufa. Anapempha kuti awamasulenso dzanja lamanja. M'thumba la malaya munali singano yaikulu yosokera zikopa. Anaitulutsa, nailasa m'mbali mwa chikhatho, m'munsi mwa chala chaching'ono, naikankha mpaka nsonga inatulukira mbali inayo. Ankachita zimenezi akumuyang'ana Che Dinala m'maso. Nkhope yawo sinasinthe, chifukwa panalibe choisintha. Magazi anadontha pa mchenga. Kenaka anapinda mkono wa malaya mpaka m'chigongono, banga lija n'kuonekera, tsopano lili ndi linzake.

"Unawaona amalume anga, a Yasini," anatero. "Unkawaponyera miyala pamodzi ndi ine. Ndi khate."

Aka kanali koyamba kulitchula dzinalo, ndipo linatuluka mosavuta.

Amuna a malaya ofiira anabwerera m'mbuyo ngati aponda moto. Wina anagwada n'kuyamba kupukuta manja pa udzu wouma, winayo anathamangira ku mpopi. Pakhonde mipando inasunthidwira m'mbuyo. Bambo Nyasulu anayang'ana zikhatho zawo, kutsogolo ndi kumbuyo, kenaka anazibisa m'khwapa.

Che Dinala analiyang'anitsitsa dzanjalo. Kenaka anaseka kuseka kopanda chimwemwe.

"M'galimoto yanga sakwera. Ndani angamulandire kuselo? Angatiphere akaidi." Analavula pambali. "Pita, Jaffalie. Mulungu wakumanga kale, ife tiwonjezerapo chiyani?"

Pokwera m'galimoto anaima pang'ono, osacheuka. "Chotsa singanoyo, iwe. Ukuoneka ngati chitsiru."

Lolemba m'mawa Che Jaffalie anadzuka monga mwa masiku onse, natenga chiguduli. Anapeza munthu wina, wolima maluwa wa pakalabupo, akusalaza kale bulauni yoyamba, mokhotakhota, akusiya mizere. Anaima n'kumamuyang'ana. Anafuna kumuuza kuti ayambire pabowo kupita kunja, koma munthuyo atawaona anasiya chiguduli n'kupita kukaima patali.

Kalata inabwera ndi Petulo. Anaiika pa mwala pafupi ndi khonde, naitsindika ndi kamwala kena. Pambali pake anaikapo kapu ya tiyi wamkaka ndi mabanzi awiri.

"Akuti pofika Loweruka nyumba ikhale yopanda anthu," anatero Petulo, akuyang'ana mango. "Ine ndinangoyankha zimene anandifunsa, Che Jaffalie."

"Unanena zoona. Sinapulumukepo."

"Tiyiyo ndathira shuga atatu." Anakanda m'mutu. "Kapuyo musavutike kubweza."

Masana ake kuseri kwa kalabu kunafuka utsi wakuda. Antchito a pakalabu ankasenda zikopa zonse zimene Che Jaffalie anasoka pa ndodo za mamembala, n'kumaziponya pamoto ndi timitengo. Fungo lake linafika mpaka kunyumba. Abiti Sefu anatseka zenera n'kupitiriza kumanga mitolo.

Lachisanu sanapite kumzikiti. Anaswalira pakhonde, kuti asavutitse anthu ndi funso loti aime pafupi ndi ndani. Atamaliza anapeza Bambo Nyasulu ataima pansi pa mango, mapazi khumi kuchokera pakhonde. Manja awo anali otuwa, osweka ndi sopo.

"Mawa kuli lole ya ofesi yopita ku Katuli ndi simenti," anatero. "Ndauza dalaivala kuti adutse pano. Mukhala kumbuyo, koma katundu yense akwana."

"Mulungu akusungeni, bwana."

Bambo Nyasulu sanachoke. Anayang'ana kumbuyo, monga mwa chizolowezi chawo, kenaka anafunsa chimene anabwerera.

"Miyezi iwiri, Che Jaffalie. Lachiwiri ndi Lachinayi. Ine ndikafika kunyumba ndimanyamula mwana wa miyezi isanu ndi umodzi. Kodi... mukuganiza kuti..."

"Sindikudziwa, bwana. Ena amati sichoncho, ena amati n'choncho. Ine sindikudziwa."

"Koma inu munkadziwa. Tsiku loyamba lija munkadziwa."

"Ndinkadziwa."

Anayembekeza kuti bwanayo akalipe, ndipo zikanawapepukira. Koma Bambo Nyasulu anangogwedeza mutu kangapo.

"Ndikhululukireni," anatero Che Jaffalie. "Ndinkaopa."

"Ee," anatero Bambo Nyasulu. "Zimenezo ndimazidziwa." Anaweramitsa mutu, manja ali kumbuyo, n'kubwerera ku galimoto yawo.

Ku Katuli mlongo wawo anawapatsa nyumba imene ankasungiramo fodya, kuseri kwa khola. Sanawathamangitse, ndipo ana ankabweretsa nkhuni n'kuzisiya pa mtunda wa mapazi angapo. Mvula inagwa kumapeto kwa Novembala. Anthu onse anatuluka ndi makasu, ndipo Che Jaffalie anayesa nawo, koma pofika masana mpini unali utasenda chikhatho chamanzere mpaka mnofu, iwo osadziwa. Abiti Sefu anawalanda khasulo.

Mwezi wotsatira kunabwera wa zaumoyo pa njinga yamoto, mwamuna wonenepa wotchedwa a Fanwell, amene ankayendera odwala khate m'midzi kamodzi pamwezi. Anayala mabuku ake pa tebulo m'kalasi ya sukulu, chifukwa kunja kunkawaza. Odwala anali asanu ndi mmodzi. Che Jaffalie anali omaliza.

"Bweretsani dzanja, bambo."

Anazengereza. A Fanwell anatambasula mkono, naligwira okha dzanjalo, opanda gulovu, opanda nsalu, naliika pa bondo lawo ngati chinthu wamba. Anatenga kathonje.

"Tsinzinani. Mukamva ndakukhudzani, munene kuti eya."

Anatsinzina. Ankamva mvula pa malata, ndi kupuma kwa a Fanwell. Anadikira. Pa chala chachikulu anati eya. Pa cholozera anati eya. Kenaka anadikira nthawi yaitali.

"Mwayamba?" anafunsa.

"Ndamaliza, bambo. Tsegulani. Tione lamanjali."

"Lamanja lili bwino."

"Tingoona."

Anatsinzinanso. Eya. Eya. Eya. Eya. Kenaka chete. Atatsegula maso anapeza kathonje kali pa chala chaching'ono cha kumanja, a Fanwell akukayendetsabe uku ndi uku.

"Mapilitsi awa muzimwa tsiku lililonse, osadumphitsa, zaka zambiri. Nthendayi imaima. Mukamwa bwino simungapatsirenso munthu. Mukanabwera chaka chatha..." Anasiya pomwepo, ndipo Che Jaffalie anawathokoza mumtima chifukwa chosamaliza.

"Nanga kumva? Kubwerera?"

A Fanwell anali asanalisiyebe dzanjalo. Analitembenuza, nayang'ana zikhatho zolimba ndi mizere yakuda ya oyilo imene sopo anali asanaichotse.

"Chimene chafa chafa, bambo. Tisamala chatsalachi." Anatenga khadi ndi cholembera. "Dzina ndalemba. Mudzi ndalemba. Ntchito yanu?"

Che Jaffalie anayang'ana pazenera. Panja Abiti Sefu ankawadikira pansi pa chidenga, atafunda chitenje kumutu.

"Enawa mwawalemba chiyani?"

"Ambiri ndimangolemba kuti ali pakhomo."

"Lembani chomwecho," anatero Che Jaffalie.